MUSANAGULE MOTA YA BANDSAW, WERENGANI IZI

Anzanga a kunyanja, ndamva kuti ena mwa inu mukusonkha ndalama za usipa kuti mugule bandsaw muzicheka matabwa a maboti ndi mipando. Nzeru yabwino, nsomba masiku ano sizodalirika. Koma imvani kaye zomwe zinandionekera ine.

Makina anga ndinagula akale, a mawilo a mainchesi 14, opanda mota. Ndinapeza mota ya pampu ya madzi, 3 HP, ndinvekere basi ndaphula. Sindinawerenge kachitsulo kolembedwa pambali pake. Inali ya 2850 rpm, pomwe mapule a makinawo ankafuna ya 1450. Liwiro linawirikiza kawiri, thabwa la mlombwa kumachita kufuka utsi, tsiku lachitatu bledi thyoo! kundiphonya dzanja pang'onong'ono. Bambo anangoti, injini yaikulu siwongola bwato lokhota.

Ndiye maganizo anga ndi awa: ndalama zambiri ikani pa bledi, osati pa mota.

Bledi ili ngati ukonde. Maso a chilimira cha usipa simungatchere nawo kampango. Pong'amba thabwa lochindikala mufunika bledi yotambalala, 13 mm kapena 19 mm, ya mano atatu pa inchi, kuti utuchi uzipeza potulukira. Mano ang'onoang'ono othinana amatsekeka ndi utuchi, bledi n'kutentha, n'kuyamba kukhota. Podula mokhotakhota, monga nthiti za boti, ikani yopyapyala ya 6 mm. Lamulo lake n'losavuta: mano osachepera atatu azikhala m'thabwa nthawi zonse.

Mota ya 1.5 HP kapena 2 HP ndi yokwanira pa makina otere. Ikhale ya 1450 rpm, pule yake pafupifupi theka la pule ya kuwilo. Ikhale ya single phase, chifukwa ya three phase, ngakhale aitchipitse bwanji, siiyenda pa magetsi a m'nyumba. Sankhaninso yotsekeka thupi lonse, utuchi usamalowemo.

Ena ati mitengo yathu ndi yolimba, imafuna mphamvu. Zoona. Koma bledi ikabuntha, mota yaikulu imangokuthandizani kuidula msanga. Ndipo kwathu kuno chobunthitsa si mlombwa ayi, ndi mchenga. Thabwa lagona pagombe, litsukeni ndi burashi musanalicheke. Madzulo poweruka masulaniko bledi ipume.

Bledi ikaduka ku Nkhotakota kapena ku Makanjira simuipeza pa grosale, ndiye gulani ziwiriziwiri.

Amene mukusunga ndalama za gulu, mutumizireni uthengawu asanakwere minibasi ya m'tauni.