Khomo Lililonse Likhale ndi Dimba ndi Mtengo wa Zipatso

Mvula ikalekeza ndipo chimanga chikalowa m'nkhokwe, anthu ambiri m'dziko muno amayesa kuti ntchito ya khasu yatha kufikira mwezi wa Okutobala. Makasu amaponyedwa kuseri kwa nyumba, abambo ena amayamba kutandala pa bawo ndi pamowa, ndipo pofika mwezi wa Ogasiti amayi amakhala akuvutika ndi funso la tsiku ndi tsiku lakuti ana adyera chiyani nsima. Maganizo otere ndi olakwika ndipo ayenera kuthetsedwa. Chilimwe ndi nyengo ya dimba, ndipo banja limene lingopinda manja m'miyezi imeneyi likudziitanira lokha matenda ndi umphawi.

Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, sankatopa kukumbutsa anthu kuti chuma chili m'nthaka. Iye ankafuna kuti munthu aliyense akhale ndi zinthu zitatu: chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha mvula ikamagwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri pakumva mawu akuti chakudya adangomva chimanga basi. Kufikira lero munthu amene wadya mbatata, nthochi ndi mapapaya amanena kuti wagona ndi njala chifukwa sadaone nsima, pamene wina amene wadya nsima ya mchere wokha amati wadya. Nkhokwe yodzaza ndi chinthu chonyaditsa ndithu, koma nsima siyenda yokha.

Zotsatira za kadyedwe kotere zikuoneka pa ana. Kafukufuku wa zaumoyo amene adachitika m'dziko muno mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osapitirira zaka zisanu, ana 37 adali opinimbira. Mwana wopinimbira sakula monga mwa msinkhu wake, amadwaladwala, ndipo kawirikawiri savutika thupi lokha komanso nzeru za m'kalasi. Ena mwa ana amenewa sachokera m'mabanja osowa ufa ayi. Iwo amakhuta, koma amakhuta chinthu chimodzimodzi tsiku ndi tsiku.

N'chifukwa chake Boma, kupyolera mwa alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, limaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, za m'gulu la nyemba, zamafuta, zamasamba ndi zipatso. Mwa magulu amenewa, awiri athunthu, masamba ndi zipatso, angathe kupezeka pakhomo popanda kutulutsa ndalama yogulira. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 pa tsiku. Masamba obiriwira amathandiza kuwonjezera magazi, makamaka kwa amayi oyembekezera. Mango akupsa, mapapaya, maungu ndi mbatata yofiira mkati zili ndi vitamini A amene amateteza maso ndi kulimbitsa thupi pa matenda. Magwafa, malalanje, mandimu ndi malambe zili ndi vitamini C wochuluka. Mankhwala amene anthu amafolera pamzere kuchipatala, ena mwa iwo akadatha kuwathyola kuseri kwa nyumba zawo.

Nkhaniyi ikukhudzanso thumba la banja. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mitengo ya zinthu idakwera, ndipo palibe mayi wa m'tauni amene sadaone kuti mulu wa matimati ukuchepa pamene mtengo wake ukukula. Banja limene limagula mpiru, anyezi ndi matimati tsiku lililonse limataya pang'onopang'ono ndalama imene ikadagula sopo, makope a ana kapena feteleza. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Kandalama kamene kapulumuka lero ndi mawa, pakutha pa chaka kamakhala chuma chooneka.

Komanso Amalawi aona ndi maso awo kuti munda wa chimanga wodalira mvula sungakhale chiyembekezo chokhacho. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola minda yambiri m'chigawo cha kumwera, ndipo mu Malichi 2024 Boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Pa nyengo zotere, khomo limene lili ndi dimba, mbatata, nthochi ndi mitengo ya zipatso limakhala ndi pogwira pamene anansi ake akudikira thandizo.

Alipo ena amene amati akadalima koma alibe malo. N'zoona kuti malo achepa. Pa kalembera wa 1966 anthu m'dziko muno adali ongopitirira pang'ono 4 miliyoni, pamene pa kalembera wa 2018 adapitirira 17 miliyoni, chonsecho nthaka ndi yomwe ija. Koma kuchepa kwa malo ndiye chifukwa chenicheni cholimira masamba, pakuti palibe mbewu ina imene imabweza zambiri pa kamalo kochepa kuposa iwo. Mabedi atatu kapena anayi, lililonse mita imodzi m'lifupi kuti munthu azitha kupalira osapondamo, angathe kupatsa banja ndiwo kwa miyezi ingapo, makamaka ngati mbewu zikufesedwa mosiyanitsa nthawi kuti zisakhwime pamodzi. Amene akukhala m'nyumba za lendi ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi angathe kudzaza dothi losakaniza ndi manyowa m'matumba akale ndi m'ndowa zobooka, n'kubzalamo mpiru, repu ndi anyezi. Chochititsa manyazi ndi kuona mabwalo aakulu a nyumba za mayadi atadzala kapinga ndi maluwa okhaokha, eni ake n'kumathira madzi tsiku ndi tsiku pa udzu umene sadyedwa, kenaka n'kukwera galimoto kukagula kabichi kumsika.

Ena amati alibe madzi. Vutoli ndi lenileni m'madera ambiri, ndipo palibe amene angalichepse. Komabe madzi ambiri amatayika chabe pakhomo. Madzi otsukira ndiwo, mpunga ndi ziwiya, malinga ngati alibe sopo wambiri, angathe kuthiriridwa pa mitengo ndi pa mabedi. Kuphimbira bedi ndi udzu wouma kumasunga chinyezi ndipo kumachepetsa udzu womera. Kuthirira m'mawa kapena madzulo kumapulumutsa madzi amene dzuwa likadamwa masana. Pa mijigo yambiri ya m'midzi madzi otayikira amangopanga zithaphwi zoswera udzudzu, pamene akadawalondolera ndi kangalande akadadyetsa nthochi ndi masamba a mudzi wonse.

Ena amati feteleza ndi mbewu zakwera mtengo. Dimba la pakhomo silifuna thumba la feteleza. Ndowe za ng'ombe, zitosi za nkhuku ndi za mbuzi, mapesi, masamba ogwa ndi phulusa la m'khitchini, zikaunjikidwa bwino m'dzenje n'kuwolerana, zimasanduka manyowa okwanira. Mchitidwe wotentha mapesi pofuna kusaka mbewa ndi kuwononga chuma ndi manja. Kunena za mbewu, makolo sankapita kusitolo kuti apeze bonongwe, luni, chisoso, denje, therere, nkhwani, khwanya, kholowa ndi chigwada. Ndiwo zimenezi zimapirira nthaka ndi nyengo ya kuno, sizivutika kwambiri ndi tizilombo, ndipo mbewu yake munthu amasunga yekha. N'zodandaulitsa kuti ena amene adapita kusukulu amaziona ngati ndiwo za anthu osauka, nathamangira kabichi, pamene akatswiri a kadyedwe amachitira umboni kuti bonongwe amaposa kabichi pa zomanga thupi. Maphunziro amene amachititsa munthu kunyoza chakudya cha kwawo ndi maphunziro osathandiza dziko.

Luso lofutsa ndiwo nalo lisaloledwe kufa. Amayi akale ankathyola nkhwani ndi khwanya nthawi ya dzinja pamene zili mbwee, n'kuzifutsa, kuziyanika ndi kuzimanga m'zikwatu, kotero kuti mfutso wotendera unkapezeka mpaka mvula ina. Atsikana ambiri a lero sadziwa kumanga chikwatu. Udindo wowaphunzitsa uli m'manja mwa amayi ndi agogo awo, ndipo alangizi awonjezerepo nzeru yoyanika masamba pamthunzi ndi pamalo aukhondo kuti asataye mphamvu yake.

Pa zipatso, dziko lino lidadalitsidwa kwambiri. Mwanza amadziwika ndi manachesi, Mulanje ndi zinanazi, Thyolo ndi mapeyala, mapiri a Dedza ndi Ntcheu ndi mapichesi, ndipo m'mbali mwa nyanja mango amachita kuwolera pansi. Amene adaimapo pa msika wa Lizulu kapena wa Bvumbwe akudziwa zimene nthaka ya Malawi ingathe kutulutsa. Koma mitengo yambiri ya mango imene ana akuthyola lero idabzalidwa ndi anthu amene adatsikira kale kulichete. Funso n'lakuti mbadwo uno wabzala chiyani chimene adzukulu adzathyole. Tsiku lobzala mitengo lidakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1976, ndipo kuyambira pamenepo mitengo yosawerengeka ya bulugamu ndi paini yabzalidwa. Yafika nthawi yakuti pa mbande zimene zimagawidwa dzinja lililonse pazikhala za zipatso zochuluka, chifukwa mtengo umene umadyetsa banja sudulidwa wamba kuti uwotchedwe makala.

Kudikira kusaopse munthu. Papaya amayamba kubereka chaka chisadathe kapena chitangotha kumene. Mango, mapeyala ndi malalanje omezetsanitsa amayamba kubereka patapita zaka zitatu kapena zinayi, msanga kuposa omera kuchokera ku njere, ndipo zipatso zake zimafanana ndi za mtengo umene mphukira idachokera. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe ku Thyolo akhala akugwira ntchito pa mbewu za zipatso ndi masamba kwa zaka zambiri, ndipo mitundu ya mbatata yofiira mkati monga Zondeni, Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Chipika idafika kale m'manja mwa alimi. Nzeru ilipo. Chotsala n'chakuti munthu akumbe dzenje, athiremo manyowa, abzale, athirire ndi kutchinga.

Nkhani ya nthochi ikhale phunziro kwa onse. Matenda a chisaka, amene amafala ndi nsabwe za m'mbewu ndiponso ndi mphukira zodwala, adawononga minda ya nthochi ku Thyolo, ku Mulanje, ku Nkhata Bay ndi m'madera ena, mpaka misika ya m'mizinda idayamba kudalira nthochi zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Dziko limene likusowa ndalama zakunja zogulira mafuta ndi mankhwala siliyenera kutumiza ndalama kunja chifukwa cha nthochi. Chisaka chilibe mankhwala. Njira yake ndi kuzula phata lonse lodwala ndi kubzala mphukira zopanda matenda zochokera kwa alangizi. Mlimi mmodzi wokana kuzula amadwalitsa minda ya mudzi wonse, choncho kumvera malangizo pa nkhaniyi ndi udindo wa nzika iliyonse.

Pali machenjezo awiri amene olima madimba ayenera kusunga. Loyamba likukhudza mankhwala ophera tizilombo. Kupopera matimati lero n'kuwathyola mawa ndi kudyetsa anthu poizoni. Botolo lililonse limanena masiku oyenera kudikira, ndipo amene satha kuwerenga afunse mlangizi. Lachiwiri likukhudza mitsinje. Kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi kumagumula magombe, kumadzaza mitsinje ndi mchenga, ndipo pamapeto pake madzi omwe dimba limadalira amaphwa. Mpata wa udzu, bango ndi mitengo uzisiyidwa pakati pa dimba ndi mtsinje.

Ntchito imeneyi siyingatheke ndi amayi okha. Kwa nthawi yaitali abambo ambiri akhala akuona ndiwo ngati nkhani ya kukhitchini, nalowerera pokhapokha pamene dimba layamba kubweretsa ndalama. Kukumba chitsime, kumanga mpanda ndi kututa manyowa ndi ntchito yofuna mphamvu za banja lonse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mafumu nawo ali ndi mbali yawo. Mbuzi ndi ng'ombe zotayiriridwa chilimwe zafooketsa alimi ambiri a madimba ndipo zapha mbande zosawerengeka. Mudzi uliwonse ukhale ndi lamulo lomveka la kasungidwe ka ziweto, ndipo akuba a m'madimba aziweruzidwa mosakondera. Aphunzitsi atsitsimutse madimba a sukulu, ndipo aleke kugwiritsa ntchito khasu ngati chilango, chifukwa mwana amene wakula akuona kulima ngati chibalo sadzakonda nthaka. M'mera mpoyamba.

Atsogoleri a Chipani a m'nthambi, m'madera ndi m'maboma, pamodzi ndi aphungu, makhansala, abusa ndi mashehe, ayambe ndi makomo awo. Mtsogoleri amene amalalikira za kudzidalira pamsonkhano koma pakhomo pake palibe ngakhale papaya mmodzi, mawu ake sangagwire mtima wa munthu. Anthu amatsata zimene akuona kuposa zimene akumva.

Boma limatumiza alangizi, limachita kafukufuku wa mbewu ndipo limamanga zipatala, koma silingalowe kuseri kwa nyumba ya munthu kukamukonzera bedi la mpiru. Imeneyo ndi ntchito ya mwini khomo. Chilimwe chino banja lililonse, la kumudzi ndi la m'tauni lomwe, likonze dimba lake, ndipo mvula ikadzagwa libzale mitengo ya zipatso yosachepera iwiri. Dziko la anthu athanzi, odzidyetsa okha ndi osadalira kupempha limayambira pa khomo limodzilimodzi.