Gitala ya Diblo ili ndi mwini wake, nanga yako ili kuti?

Abale anzanga a pamsika, sabata ino tisiye kaye za kukwera mitengo kwa katundu ndi za andale, tikambeko za anyamata athu oliza gitala ya lidi. Musati nkhaniyi siikukukhudzani ayi. Paja ndinu amene mumasonkha ndalama yoitanira bandi pa ukwati ndi pa chinkhoswe. Ndinu amene mumaponya chopereka chogulira zida za kwaya kutchalitchi. Ena mwa inu mwana anakuvutitsani mpaka munatapa pa mpamba n'kumugulira gitala, lero nyumba yonse tulo mulibe. Ndiye muli ndi ufulu wofunsa kuti kodi ndalama yanu ija ikubala chiyani.

Vuto lake nali. Pitani pa ukwati ku Ndirande Loweruka, Lamulungu mukalowe m'tchalitchi ku Kawale, mukamvetsere woliza lidi. Zala zikuthamanga ngati minibasi yolimbirana pasenjala, koma mukatseka maso simungadziwe kuti akulizayo ndani. Uyu ndi Diblo, uyo ndi Diblo, winayo ndi Diblo wa kaunjika. Diblo Dibala weniweni, amene analiza gitala m'nyimbo za Kanda Bongo Man ku Paris m'zaka za m'ma 1980 asanakhale mu bandi ya Loketo ndi Aurlus Mabélé, anapatsidwa dzina loti Machine Gun chifukwa cha liwiro lake. Dzinalo ndi lake, analikhetsera thukuta. Nanga iwe mphwanga, ukamaliza kumuonera, ife tikutchule kuti ndani?

Inu a geni mukudziwa bwino zimenezi. Mabenchi khumi, tomato yemweyo wa ku Lizulu, anabwera pa galimoto imodzi, mtengo umodzi. Koma pamakhala mayi mmodzi amene kasitomala amadutsa mabenchi onse kumufunafuna, ndipo akapanda kubwera anthu amafunsa kuti kodi mayi aja adwala? Kaya ndi kaunjikidwe ka mulu, kaya ndi moni wake, kaya ndi kabasera kaja. Mwini bandi naye amatero posankha woliza lidi. Oonera anzawo ali mbwee, akachoka mmodzi mawa abwera wina. Amene amamusunga, n'kumamunyengerera kuti asapite kwina, ndi uja anthu amamuzindikira atangokhudza nsambo kawiri.

Ndipotu mfumu ya gitala ya rumba inakulira pamsika pomwepa. Franco Luambo Makiadi, amene anabadwa mu 1938, anali mwana wa mayi wa geni mumzinda wa Léopoldville, umene lero ndi Kinshasa. Ali kamnyamata anadzipangira kagitala kake, n'kumaliza pa benchi ya mayi ake kuti akope makasitomala. Sukulu yake yoyamba inali imeneyo, ndipo ndi sukulu yankhanza, chifukwa munthu wa pamsika sakuombera m'manja mwaulemu. Ukaliza zosamveka amangodutsa. Mu 1956 anayambitsa OK Jazz ndi anzake. Kalizidwe kake kanali kokoka nsambo ziwiri nthawi imodzi ndi zala, moti gitala imodzi inkamveka ngati amayi awiri akuimba mopolokezana. Akapeza kachidutswa kokoma ankakabwereza mosatopa, n'kumangokasintha pang'onopang'ono, mpaka ovina miyendo kuwawa. Anamwalira mu 1989 koma mpaka lero ikangolira Mario, ngakhale muli kuseri kwa okala, mudziwa kuti ndi nyimbo ya ku nyumba ya Franco.

Mumzinda womwewo, zaka zomwezo, munali Dr Nico Kasanda wa African Jazz, amene mu 1963 anakayambitsa African Fiesta ndi Tabu Ley. Iyeyu gitala yake inali yosalala, yoyenda liwu limodzilimodzi mmwamba, nthawi zina yotsetsereka ngati ya ku Hawaii. Anthu awiri, mzinda umodzi, nsambo zisanu ndi imodzi zomwezo, koma anthu a ku Kinshasa anagawikana ngati a Bullets ndi a Wanderers. Akanakhala kuti Franco anataya zaka zake kuyesa kukhala Nico, bwenzi lero tikudziwa dzina limodzi lokha.

Tsono ndisamveke molakwa. Sindikuti kuonera n'koipa. Palibe anabadwa ndi gitala m'manja, ndipo ngakhale inu geni munaiphunzira poyang'ana oyandikana nawo benchi. Mwana amayamba ndi kubwereza mawu a amake asanayambe kunena zake. Choncho mphwanga, tenga solo imodzi ya katswiri, uiphunzire ndi khutu mpaka uithe. Akuluakulu ako ankabweza kaseti ndi cholembera kupulumutsa mabatire, iwe uli ndi mwayi, pa YouTube ungathe kuchepetsa liwiro la nyimbo ndi theka n'kumamva chala chilichonse. Koma usakhale pa munthu mmodzi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwezi uno Franco, mwezi wa mawa Leonard Dembo, winawo Paul Banda wa ku Balaka. Wopikula kwa munthu mmodzi amagulitsa za munthu mmodzi.

Chodabwitsa n'choti kalizidwe ka munthu kawirikawiri kamabadwira pamene walephera kuonera. B.B. King wa ku America ankasirira msuweni wake Bukka White, amene ankatsetsereketsa kachitsulo pa nsambo kuti gitala izilira ngati munthu. Iye zinamukanika. Ndiye anayamba kunjenjemeretsa chala pa nsambo kuti apeze kulira komweko, ndipo kunjenjemera kumeneko ndi kumene dziko lonse linamudziwira mpaka anamwalira mu 2015. Django Reinhardt wa ku France anapsa ndi moto mu 1928, zala ziwiri za dzanja lamanzere zinapuwala, koma anapeza njira yolizira solo ndi ziwiri zotsalazo. Wes Montgomery ankagwira ntchito masana, gitala ankaphunzira usiku, ndipo poopa kusokoneza ogona ankaliza ndi chala chachikulu chokha. Liwu lofewa limenelo ndi limene linamupatsa dzina. Ndiye iwe wodandaula kuti zala zanga n'zazifupi, ampu yanga ndi yakale, dziwa kuti ukaipa dziwa nyimbo.

Ena anapeza zawo kumudzi. Ku Zimbabwe, Jonah Sithole, amene analiza ndi Thomas Mapfumo ndipo anamwalira mu 1997, anatenga kalizidwe ka mbira n'kukaika pa gitala ya magetsi. Ankagoneka chikhatho pang'ono pa nsambo kuti liwu lizituluka lalifupi, louma, ngati la kachitsulo ka mbira. Kwathu kuno Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka, amene anatisiya mu 1987, anatenga kwela amene anamumva ali mwana ku Salisbury n'kumusandutsa chinthu chakechake, gitala imodzi ikugwira besi ndi nyimbo nthawi yomweyo, mpaka azungu anamuitana ku Ulaya. Iwe uli ndi manganje, chimtali, beni, vimbuza, nyimbo za pamtondo, kulira kwa bangwe ndi kaligo. Katundu yenseyu ali phee, palibe akumupikula, iwe uli kalikiliki kukaoda za ku Kinshasa zimene aliyense ali nazo kale.

Tsopano tibwere pa zochita, poti nkhani yopanda zochita ndi miseche. Choyamba, tchuna gitala usanayambe chilichonse. Solo yabwino pa gitala yosatchuna ili ngati nsomba yabwino pa sikelo yabodza. Kenaka imba ndi pakamwa chimene ukufuna kuliza, gitala itsatire pambuyo. Ngati sungachiimbe ndi pakamwa, ndiye kuti chikuchokera ku zala, m'mutu mulibe. Ubwino wina wa kuimba ndi woti umakakamizika kupuma, ndipo solo nayo imapuma. Mvetserani mayi woitanira malonda: amaitana, n'kukhala chete, kudikira kuti wodutsa atembenuke. Wongobwebweta osapumira amathamangitsa makasitomala.

Chachiwiri, dziwa ma chord amene anzako akugwira pansi pako. Nyimbo zambiri za rumba, sungura ndi makolasi a kutchalitchi zimayenda pa ma chord atatu. Mu kiyi ya G ndiye G, C ndi D. Kwa inu a kwaya, yoyamba ndi do mi so, yachiwiri fa la do, yachitatu so ti re. Pakati pa ulendo ungayende paliponse, koma chord ikasintha tera pa limodzi la mawu atatu a chord yatsopanoyo. Ambiri amene timati akusochera vuto lawo ndi limeneli, amaloweza njira imodzi pa khosi la gitala n'kumangokwera ndi kutsika ngati chikepe, osamva kuti besi yakhota kale.

Chachitatu, yesa za nsambo ziwiri zija. Tikamawerenga kuyambira ku nsambo yowonda, gwira yachitatu pa fuleti 4 ndi yoyamba pa fuleti 3, uzikoke pamodzi. Sendeza zala zonse ziwiri zifike pa fuleti 5, kenaka zonse pa fuleti 7. Wamva? Amayi awiri aja ayamba kuimba mu kiyi ya G. Ukazolowera, pitiriza kukwera wekha ukufufuza ndi khutu.

Chachinayi, dzimane. Liza solo yonse pa nsambo imodzi yokha. Mawa uilize ndi mawu atatu okha, usinthe kagundidwe basi: apa mwamphamvu, apa mofewa, apa mochedwerako pang'ono, apa wagoneka chikhatho ngati Sithole. Wokhala ndi mpamba wochepa ndi amene amaphunzira kuzunguza ndalama. Ukafuna kupinda nsambo kuti liwu likwere, yamba waliza liwu limene ukulifunalo mafuleti awiri kutsogolo, ulisunge m'khutu, kenaka kankha nsambo mpaka lifanane. Kupinda kosafika kumapweteka makutu kuposa kusapinda n'komwe.

Chachisanu ndi nthawi. Ika metronome pa foni, iyambe pa 60, uliza bwinobwino popanda chala chophonya, ndiye uziwonjezera pang'onopang'ono. Kuthamanga si kufika. Liwiro la Diblo limakoma chifukwa liwu lililonse limagwa pa malo ake enieni, ng'oma ndi gitala ngati mapasa. Mphindi 30 tsiku lililonse zimaposa maola asanu a Loweruka lokha, monga mmene geni yotsegula tsiku ndi tsiku imaposera ya pa mapeto a mwezi.

Chomaliza ndi chowawa. Dzijambule pa foni, mawa lake udzimvere. Poliza, munthu aliyense amadziona ngati katswiri, koma foni ilibe chibale. Pomvetsera usamangosaka zolakwa. Saka kachidutswa kamene sukukumbukira kuti unakatenga kwa ndani, mwina kanabwera mwangozi chala chitaterereka. Kameneko ndiye kako. Kabwereze, ukayese mu kiyi ina, ukayese pa nyimbo yachisoni ndi pa yovina. Tizidutswa totere tikakwana khumi, anthu ayamba kunena kuti gitala iyi ndi ya uje, ngakhale asanakuone nkhope.

Ndipo mukakwera pa siteji, achimwene, kumbukirani kuti ukwati si wanu. Woimba akamaimba, lidi imamuyankha m'mipata imene wasiya, osati kumupondereza ngati wa benchi yoyandikana amene amalanda kasitomala wa mnzake ali pakati ponenerera. Nthawi yanu ibwera ikafika sebene. Pamenepo yambani pansi, modekha, muzikwera nawo ovinawo, mphamvu zonse musunge za kumapeto. Wotulutsa zovala zonse zabwino za m'belo mmamawa, madzulo amatsala ndi sanza. Ndipo ampu ija tsitsaniko, agogo a mkwatibwi nawonso anabwera ndi makutu.

Kwa inu makolo ndi azibambo a komiti ya ukwati, nanunso muli ndi mbali. Bandi ikabwera mumaumirira kuti iziimba ndendende ngati pa wailesi, mnyamata akayesa kake mumati walakwitsa. Mukatero mukulera oonera. Mulekeni aikepo kamodzi kake, kakakukomerani mufupeni pomwepo, aone kuti chakechake chili ndi msika. Ndipo mwana wanu akamabwereza kachidutswa kamodzimodzi kuseri kwa nyumba mpaka mutu kukuwawani, musamulande gitala. Ingomufunsani funso limodzi: kodi chimene ukulizacho n'cha ndani? Akati n'cha Diblo, muuzeni apitirize, akadali pa sukulu. Tsiku limene adzati n'changa, mudziwe kuti mpamba uja wayamba kubwerera.

Mayi ake a Franco anali ndi benchi ngati yanuyo. Tionane sabata ya mawa, geni iyende bwino.