Chikho cha Ana a Sukulu Chifikenso ku Nyanja

Chaka ndi chaka, akuluakulu oyendetsa maseŵero a m'sukulu akakhala pansi kuti akonze za mpikisano wa dziko lonse, pamakhala mafunso aŵiri amene amayankhidwa mofulumira ngati kuti ndi aang'ono. Loyamba ndi lakuti ndime yotsiriza ikachitikire kuti. Lachiŵiri ndi lakuti matimu akakumane motani. Mayankho ake amadziŵika ngakhale msonkhano usanayambe. Malo amakhala Blantyre kapena Lilongwe, mwina Mzuzu, ndipo dongosolo limakhala lija lakuti timu ikagonja kamodzi imange katundu ibwerere kwao. Ife tikuona kuti mayankho onse aŵiriŵa ayenera kuunikidwanso. Tikupempha Unduna wa za Maphunziro, bungwe la Malawi Schools Sports Association ndi la Malawi National Council of Sports kuti ayambire pa mpira wa manja wa atsikana a m'sekondale, ndi kuti boma loyamba kulandira alendo likhale la Mangochi.

Sitikunyoza mizinda yathu. Kumeneko ndiko kuli mabwalo abwino: Blantyre Youth Centre yalera oseŵera ambiri, Bingu National Stadium idatsegulidwa mu 2017, ndipo pamene dziko lino lidalandira achinyamata a m'maiko a kumwera kwa Africa pa maseŵero a Region 5 mu December 2022, kunali koyenera kuti achitikire ku Lilongwe, kumene Boma lidamanganso Griffin Saenda Sports Complex. Alendo ochokera kunja amafuna bwalo la ndege, mahotela ndi zipatala zazikulu pafupi. Koma mpikisano wa ana a sukulu uli ndi cholinga china. Suchitika kuti tisangalatse alendo, koma kuti mwana amene sadaonepo maseŵero enieni aŵaone ndi maso ake, nayenso alakelake. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Kawale amaona zimenezi kaŵirikaŵiri. Nanga wa kwa Makanjira, wa ku Namwera, wa kwa Nankumba adzaziona liti?

Pa kalembera wa mu 2018, m'boma la Mangochi mudapezeka anthu 1,148,611. Ameneŵa ndi anthu ochuluka kuposa a mumzinda wa Blantyre, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana. Mphunzitsi aliyense amene adagwirapo ntchito m'mbali mwa nyanja amadziŵa mavuto a kumeneko popanda womuuza: mnyamata amasiya sukulu kutsata ngalaŵa ndi makoka kapena kuloŵera ku Joni, mtsikana amatayika pakati pa Sitandade 6 ndi Fomu 2 chifukwa cha ukwati kapena mimba. Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko lino mu 2017 kuti munthu asaloŵe m'banja asanakwanitse zaka 18. Lamulolo ndi labwino, koma lamulo limangoletsa. Silipatsa mtsikana chifukwa chodzukira m'maŵa kupita ku sukulu. Maseŵero paokha sangathetse vuto limeneli, ndipo aliyense wonena kuti angathetse akunamiza anthu. Komabe mtsikana wa zaka 13 akaona anzake a msinkhu wake atavala yunifolomu, atayenda ulendo wochokera ku Karonga chifukwa chakuti ali pa sukulu, mafumu ndi a Bwanamkubwa ataimirira kuŵaombera m'manja, amabwerera kwao ndi chinthu chimene phunziro la m'kalasi silikadampatsa. Makolo ake nawonso amakhala ataona.

Tisaiŵale kumene akatswiri athu amachokera. Mwai Kumwenda, amene adasankhidwa kukhala woseŵera bwino koposa onse pa mpikisano wa dziko lapansi ku Sydney mu 2015, adakulira kumudzi m'boma la Mzimba. Timu ya Malawi Queens idafika pa nambala 5 ku Auckland mu 2007, idakhala pa nambala 3 pa mpikisano wa Fast5 ku Melbourne mu 2016, ndipo ku Cape Town mu 2023 idatsikira pa nambala 7. Ngati tikufuna kuti ikwerenso, tiyenera kuponya khoka patali, osati pa dooko limodzi lomwelo.

Ena anganene kuti ku Mangochi kulibe zipangizo. Funso ndi lakuti zipangizo zake ziti? Bwalo la mpira wa manja ndi la mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, ndi mizati iŵiri yotalika mamita 3.05. Mabwalo atatu otere, osalazidwa bwino ndi kuikidwa simenti, si ntchito yodikira ngongole yochokera kunja. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 achinyamata ankamanga midadada ya sukulu ndi milatho ing'onoing'ono pa Sabata la Achinyamata. Khonsolo ya boma, makomiti a sukulu ndi eni mahotela a ku Nkopola ndi Makokola sangalephere mabwalo atatu. Ubwino wake ndi wakuti alendo akapita, mabwalowo amatsala. Pa boma pali kale bwalo la zamaseŵero lotchingidwa ndi mpanda, loyenera mwambo wotsegulira ndi wotsekera. Malo ogona aliponso, pakuti sukulu zogonera konko monga Mangochi Secondary School, St. Michael's ku Malindi ndi Lisumbwi ku Monkey Bay zimakhala zopanda ana pa nthaŵi ya tchuthi. Mseu wochokera ku Liwonde, wa makilomita pafupifupi 75, ndi watala, ndipo ochokera kumpoto ndi pakati angathe kudzera ku Salima ndi Golomoti osafika n'komwe ku Blantyre.

Pa nkhani ya malo pali maiko amene adasankha njira ina, ndipo nkoyenera kuti tiimve. Ku America, ndime yotsiriza ya mpikisano wa softball wa atsikana a m'makoleji yakhala ikuchitikira mumzinda umodzi, Oklahoma City, kuyambira mu 1990, kupatula mu 1996 pamene idapita ku Columbus, Georgia. Malo amodzi ali ndi ubwino wake: okonza amazoloŵera ntchito, bwalo limakulitsidwa pang'onopang'ono, ndipo dzina la mzindawo limasanduka loto la mwana aliyense. Koma kumeneko maseŵerowo amaonetsedwa pa wailesi yakanema m'nyumba zambiri, ndipo matimu amayenda pa ndege. Kuno kwathu, mpikisano ukapanda kufika ku boma, ana a m'bomalo saudziŵa konse. Choncho njira yotiyenera ife ndi yosinthana: chaka chino chigawo ichi, chaka cha maŵa chigawo china.

Chimene tingatengeko kwa anzathu a softball ndi dongosolo lao la maseŵero. Pa mpikisano wa ku Oklahoma City pamafika matimu 8, ndipo timu siituluka mpaka itagonja kaŵiri. Iwo adazindikira kuti tsiku limodzi loipa lisamaŵeruze ntchito ya chaka chonse. Eni ake a mpira wa manja adapitirira pamenepo: pa mpikisano wa dziko lapansi matimu 16 amayamba m'magulu, ndipo ngakhale amene alephera amapitiriza kuseŵera mpaka timu iliyonse itadziŵa nambala yake, kuyambira 1 mpaka 16. Ngati akuluakulu odya malipiro amapatsidwa mwai woterewu, nchifukwa chiyani ana athu timaŵaŵeruza ndi ola limodzi?

Tiyeni tiŵerengere pamodzi, pakuti aphunzitsi ndi anthu a masamu. Dziko lino lili ndi zigawo za maphunziro 6: cha Kumpoto, Central East, Central West, South East m'mene muli Mangochi, South West ndi Shire Highlands. Chigawo chilichonse chikatumiza timu imodzi, ndipo tikatsata njira yakuti wogonja atuluke, maseŵero onse amakhala 5 okha. Matimu aŵiri amadutsa ndime yoyamba osakhetsa thukuta, mwa maere chabe. Matimu ena aŵiri amatuluka pa maseŵero oyamba, ndipo aŵiri odutsa aja akagonja nawonso amakhala ataseŵera kamodzi. Kungatheke kuti matimu 4 mwa 6 abwerere kwao atangoseŵera kamodzi kokha, kapena kuti timu ina itenge chikho cha dziko lonse itangopambana kaŵiri. Taganizirani atsikana a ku Chitipa, amene ayenda usana ndi usiku m'basi, miyendo itatupa, akuloŵa m'bwalo m'maŵa mwake, ndipo dzuŵa lisanafike pamutu auzidwa kuti zao zatha. Adzaŵauza chiyani anzao? Mphunzitsi wamkulu amene adasonkhetsa makolo ndalama za ulendowo adzalimba bwanji mtima kuŵasonkhetsanso chaka chinacho?

Koma timu iliyonse ikakumana ndi inzake iliyonse, maseŵero amakhala 15, ndipo timu iliyonse imaseŵera kasanu. Pa mabwalo atatu, matimu onse amakhala ali m'bwalo nthaŵi imodzi. Akaseŵera kamodzi m'maŵa ndi kamodzi madzulo, ndime zonse zisanu zimatha pa masiku aŵiri ndi theka, ndipo madzulo a tsiku lachitatu matimu aŵiri apamwamba angathe kulimbirana chikho, otsalawo nkumaliza kupikisana pa manambala ao. Osankha oseŵera a timu ya dziko ya achinyamata amakhala ataona mtsikana aliyense kasanu, atapuma ndiponso atatopa, akupambana ndiponso akugonja. Pamenepo mpamene khalidwe la woseŵera limaonekera.

Tikudziŵa kuti osunga chuma adzafunsa za ndalama, ndipo ndi udindo wao kutero. Yankho lathu ndi lakuti ndalama zambiri pa mpikisano wotere zimathera pa mafuta a galimoto, ndipo mafutawo ndi omwewo kaya ana aseŵera kamodzi kaya kasanu. Choonjezera ndi ufa, nyemba ndi usipa za masiku aŵiri. Kuwononga kwenikweni ndiko kulipira ulendo wonse kuti mwana akagwire mpira kwa mphindi 60. Ngati pali pofunika kudula, adule chiŵerengero cha akuluakulu operekeza, amene nthaŵi zina amachuluka kuposa oseŵera ndipo malipiro ao a usiku umodzi angadyetse timu yathunthu.

Kusankha Mangochi kukutanthauzanso kumvera nyengo ya ku Mangochi, pakuti kalendala yolembedwa mu ofesi ya ku Lilongwe siidziŵa kutentha kwa ku nyanja. M'miyezi ya October ndi November kutentha kumafika madigiri 35 ndi kupitirira. Kuseŵeretsa ana pa simenti masana otere ndi kuika miyoyo yao pachiswe. Kuyambira December mpaka March ndi nthaŵi ya mvula, ya malungo ndi ya milatho yokokoloka, monga tidaonera pa namondwe wa Freddy mu March 2023. Kuyambira May mpaka July ana ambiri amakhala pa mayeso. Nthaŵi yabwino ndi sabata yoyamba sukulu zitangotsekera chaka, kumapeto kwa July kapena kuchiyambi kwa August, kukadali kozizira. Pa nyengo imeneyo kumaomba mwera, ndipo aliyense amene adayesapo kuponya mpira m'nkhata mphepo ikukuntha adzamvetsa chifukwa chake mabwalo sayenera kumangidwa pagombe penipeni, ngakhale pakhale pokongola chotani, koma potchingika ndi nyumba kapena mitengo.

Pa tchuthi chomwecho mpamene m'midzi yambiri ya Ayao mumayamba zinamwali za jando ndi nsondo. Okonza mpikisano apite msanga kwa mafumu aakulu monga Mponda, Chimwala, Jalasi ndi Nankumba, akagwirizane masiku, kuti maseŵero athe ana asanaloŵe kusimba. Mfumu imene yafunsidwa imabwera ndi anthu ake. Imene yangolandira kalata imakhala kunyumba. Ambiri mwa anthu a m'bomali ndi Asilamu, choncho chakudya cha oseŵera chikonzedwe moyenera chipembedzo chao, ndipo mtsikana wofuna kuvala zotalikirapo mkati mwa yunifolomu asaletsedwe. Mwezi wa Ramadan umasuntha ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, motero wokonza kalendala aziufufuza asanalembe tsiku. Matimu akafika Lolemba, nkuseŵera Lachiŵiri, Lachitatu ndi Lachinayi, palibe amene angadandaule za mapemphero a Lachisanu, a Sabata kapena a Lamulungu.

Za umoyo sitingazinene mwachidule kwambiri. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 udavuta zedi m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo Mangochi idali pakati pa maboma amene adakhudzidwa kwambiri. Sukulu iliyonse yogonamo alendo iyenderedwe ndi alangizi a zaumoyo mwezi wathunthu mpikisano usanayambe: aone madzi, zimbudzi, khitchini ndi maukonde otetezera udzudzu. Ana ochokera ku Dedza kapena ku Mzimba adzafuna kuona nyanja, ndipo nkoyenera kuti aione. Ena adzakhala akuiona koyamba, pamodzi ndi mtsinje wa Shire pamene ukutuluka m'nyanjamo. Koma ambiri a iwo sadziŵa kusambira, ndipo m'madzi ena muli likodzo ndi ng'ona. Ulendo wa ku gombe ukhale umodzi, wa onse pamodzi, pamalo osankhidwa ndi eni dera, aphunzitsi aakazi ali pomwepo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mphunzitsi woperekeza ana a eni ake sapita kukacheza.

Chotsala ndi chinyengo cha zaka, chimene chimaipitsa mipikisano yambiri ya achinyamata. Mphunzitsi wamkulu asaine yekha mndandanda wa oseŵera ake, ofesi ya chigawo iuyerekeze ndi kaundula wa sukulu, ndipo mndandandawo ufike kwa okonza milungu inayi mpikisano usanayambe. Oimbira maseŵero asachokere m'zigawo za matimu amene akuŵaimbira.

Tikupempha kuti dzina la boma lolandira alendo lizilengezedwa chaka chathunthu nthaŵi isanakwane, pa mwambo wopereka chikho, ndi kuti ndondomeko ya zaka 6 ilembedwe tsopano kuti chigawo chilichonse chidziŵe chaka chake. A khonsolo ya Mangochi asadikire kuitanidwa. Akhale pansi ndi ofesi ya maphunziro ya boma ndi aphunzitsi a zamaseŵero, asankhe malo a mabwalo atatu aja, aŵerenge mabedi a m'sukulu zogonera, ndipo atumize kalata yao ku Unduna teremu yoyamba isanathe, kuti simenti ithiridwe mvula itangoleka.