Ludzu Limene Anacoka Nalo Kumudzi

Mwana wa kuno ku Rufunsa akasankhidwa kupita ku yunivesite, nthungululu zimamveka kuyambira kwa Mpanshya mpaka kwa Shikabeta. Makolo amagulitsa mbuzi, cimanga ndi matumba a makala m'mbali mwa msewu wa Great East kuti mwana akwere basi ya ku Lusaka. Koma ena mwa ana amenewa amabwerako maso ali psuu, manja akunjenjemera, mayeso atalephera. Pamenepo tonse timaloza cala tauni.

Boma linayesako mbali yake. Mu 2012 linaletsa tujilijili, timapaketi tija ta mowa waukali timene tinkabisika m'thumba la malaya. Sipanapite nthawi, mowa womwewo unabwerera m'timabotolo. Ndalama za cakudya za ophunzira zinacotsedwa mu 2019, n'kubwezedwa mu 2023. Tinakondwera, pakuti wanjala samva phunziro. Koma ndalamazo ndi ngongole yodzabweza akayamba nchito, cotero wozimwera mowa akumwa malipiro amene sanalandirebe.

Tsono, makolo anzathu, tifunsane mosabisa: kodi ludzuli analipezadi ku Lusaka? Ndani ankamtuma ndi botolo kukagula kacasu ali ndi zaka 10? Lamulo la 2011 limaletsa kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18, koma kumudzi wogulitsa ndi azakhali ake, womtuma ndi atate ake. Tsiku lomlaira tinafulula mowa, nitimpatsa cipanda, amvekere "wakula, lawako." Ngakhale ife ophunzitsa katekisimu sitingadziyeretse, ana amaona mayendedwe athu pocokera ku ukwati. Ku yunivesite mwanayo anangopeza ndalama m'manja ndi cipinda copanda womfunsa kumene wagona.

Mayi wina wa mumphakati mwathu, atamva mphekesera za mwana wake, sanadikire chuthi. Anakwera basi, nakagogoda pacipinda cake m'mamawa wa Loweruka osamdziwitsa. Anampeza ali gone, timabotolo tili mbwee pansi pa bedi. Sanakalipe. Anasesa, naphika nsima, nadya naye, ndipo pobwerera anatenga nambala ya foni ya mnzake wogona naye. Mnyamatayo akali pasukulu, ali m'caka cacitatu. Amayi ake amapitako mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama ya basi timasonkha ndife a mumphakati.