Kaphiri ka ku Marikana si ka eni dziko okha

Mwezi wa Ogasiti uliwonse, anthu a ku Ireland amasonkhana ku Béal na Bláth, m'chigawo cha Cork, pamalo pamene mtsogoleri wawo Michael Collins anawomberedwa mu 1922. Achewa okhala ku Rustenburg nawonso ali ndi malo otere pakhomo: kaphiri ka ku Marikana, kumene pa 16 Ogasiti 2012 apolisi anapha anyamata a mumgodi wa Lonmin 34 amene ankafuna malipiro a R12,500. Mmodzi mwa iwo anali Mgcineni Noki, wa bulangete lobiriwira uja.

Ena amati maliro amenewo ndi a eni dziko. Akulakwitsa. Amene agogo ake anatsikira pansi pa nthaka ya ku Joni atalembedwa ndi Wenela sayenera kudikira kuitanidwa. Wochokera ku Nkaneng amafikako wapansi.