Digiri ya zaumoyo ya pa intaneti: werengerani kaye musanalipire

Kwa namwino kapena dokotala wa mu Blantyre, Masters ya Public Health yophunzira pa intaneti ikuoneka ngati njira yachidule. Umakhalabe pantchito, malipiro nkumalowa, usiku uli pa foni kapena laputopu. Ndani angasiye ntchito zaka ziwiri zinthu zitakwera mtengo chonchi?

Akatswiriwa dziko likuwafunadi. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo namondwe wa Freddy atasakaza ku Chilobwe mu Malichi 2023, m'misasa munafunika anthu odziwa kulondoloza matenda ndi kuteteza madzi akumwa.

Nkhani yagona pa ndalama. Sukulu monga London School of Hygiene and Tropical Medicine imalipiritsa fizi m'mapaundi, chonsecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngakhale makwachawo muwapeze, kuti banki ikupatseni ndalama zakunja ndi ntchito ina. Onjezanipo bandulo ya Airtel kapena TNM, ndi magetsi othimathima ku Mpingwe tsiku lotumiza mayeso.

Kuntchito nako kwasintha. America itaimitsa thandizo mu Januwale 2025, mabungwe ambiri azaumoyo anachepetsa antchito, ndipo ndi komweko kumene ambiri a digiriyi ankaloza.

Musanatumize tambala iliyonse, funsani ku National Council for Higher Education ngati pepalalo adzalivomereza kuno kwathu. Yerekezaninso mtengo wake ndi wa digiri yomweyi ku KUHeS, pafupi ndi chipatala cha Queens pompa.