ZA MAKINA PAMUDZI: Njinga ya Moto Ikakana Kulira

Abale a kumudzi, masiku ano njinga ya moto ndiyo imapereka matumba kumsika ndi odwala kucipatala. Tsono ikakana kulira m'mawa, ambiri amathamangira kukagula batire latsopano, ndalama za mtedza nkuthera pa cinthu cimene cinalibe mlandu. Yambani mwafufuza.

Tsegulani kiyi, muimbe hutala. Ngati hutala ali cete, nyali nazo siziyaka, onani fyuzi imene imakhala pafupi ndi batire. Kawaya kace kakaduka, ikani ina ya nambala yomweyo, kaya 10 kaya 15. Musamangepo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya ai. Fyuziyo ndiye mlonda. Mukamcotsa, mawaya onse angathe kupsa.

Nyali zikayaka, dinani batani loliza injini muli kuziyang'ana. Zikazirala, njinga nkumangoti "ke-ke-ke," mphamvu yacepa. Koma musafulumire kuweruza batire. Kawiri-kawiri bvuto liri pa mitu yace iwiri: nati yamasuka ndi mabampu a mseu, kapena pamera zoyera zonga ufa. Masulani waya wa (–) poyamba, tsukani mituyo ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, yemwe uja amai aphikira therere, palani bwino, nimumangenso zolimba. Batire lodzaza lionetsa mavoti 12.6 pa mita ya makaniko. Likatsika pansi pa 12, lifunika kuchajidwa.

Nanga nyali ziwala bwino koma batani liri zii? Onani kaswichi kofiira ka ku dzanja lamanja, pakuti ana amakonda kukaseweretsa. Njinga zina sizilola kulira ziri m'giya musanagwire kilachi, kapena mwendo woimikira uli pansi. Mukamva "tha!" kamodzi kokha, nyali osazirala, kaikirani solenoidi kapena mabulashi a sitata. Imeneyo ndi nchito ya makaniko.

Injini ikamazungulira osagwira moto, cotsani pulagi, muibweze m'cipewa cace, muigunditse pa citsulo ca injini, nimuponde kiki. Pakamwa pace pazithetheka moto wabuluu. Petulo akhale kutali, ndipo gwirani pa labala pokha, cifukwa magetsiwo amagwedeza mkono koopsa. Moto ukapanda kuoneka, yesani pulagi ina musanaganize za koyilo, popeza pulagi ndiyo yochipa. Sungani ina m'kathumba ka masipanala.